Kagalu Kosaluma Alendo

Mzime ananama pa funso lachisanu ndi chinayi. Mafunso enawo anayankha zoona zokhazokha: nyumba ili ndi mpanda wa njerwa, bwalo ndi lalikulu, palibe ana ang'onoang'ono, palibe mphaka, wodzasunga galuyo ndi bambo a zaka makumi asanu ndi awiri okhala okha. Funso lachisanu ndi chinayi linkafuna kudziwa wachibale amene amafika pakhomopo kawirikawiri, komanso kuti amafika kangati. Mzime analemba kuti, "Ine mwana wawo, Loweruka lililonse." Anatumiza fomuyo pafoni kwa mayi oweta agalu, nadzuka kukathira madzi m'ketulo.

Ntchito yake inali yowerenga mafomu a anthu ofunsira ntchito pakampani ina ya inshuwalansi, ndipo anzake ankamutama kuti bodza amalinunkhiza envulopu isanatsegulidwe. Lakelo analilemba mwaukhondo, ndi mpumiro kumapeto.

Zoona zake zinali zakuti m'nyumba ya bambo ake analowamo komaliza miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, tsiku limene analongedza zovala za malemu mayi ake m'makatoni. Kuchokera kufulati kwake kukafika kumeneko unali ulendo wa theka la ola pagalimoto. Sikuti anayambana ayi. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo shuga, sopo ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi ankatumiza pa njinga yamoto mosalumpha mwezi. Loweruka ndilo linkangodzaza lokha: ukwati wa mnzake, tsitsi, malipoti, tulo.

Nkhani ya galu inabwera akuba atalumpha mpanda masanasana, bambowo ali kuchipatala, n'kunyamula batire la galimoto ndi mpando wa pakhonde. Achimwene ake a Mzime, amene ankakhala kutali ndipo ankakonda makolo mofuula pafoni, analamula kuti pagulidwe galu sabata yomweyo. Mayi oweta agalu anali ndi mitundu iwiri: shepadi, galu wamkulu wa makutu oima ngati amene amayenda ndi apolisi, ndi pudulu, kagalu ka ubweya wopotanapotana. Mzime ananenako kuti kapudulu kangawachotse bambo phukwa.

"Ine ndiziyenda mumsewu ndi thonje pachingwe?" bambo ake anayankha pafoni. "Kameneko ndi kopukutira fumbi pawindo. Shepadi ndakhala ndikumufuna iwe usanabadwe, kungoti amako ankaopa ngakhale galu wa pachithunzi."

Loweruka m'mawa anawapeza ataima kale kunja kwa geti, atavala jekete la bulawuni ndi nsapato zopolishidwa. Moyo wawo wonse anali mphunzitsi woyendetsa galimoto, ndipo atangokhala pampando phazi lawo lakumanja linayamba kufunafuna buleki yomwe panalibe.

"Kalachi, mayi, kalachi. Ukuiwotcha."

"Ababa, galimotoyi ilibe kalachi."

"N'chifukwa chake mukutha m'misewumu. Amene anakupatsa laisensi ndani?"

"Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye ndinali ndikudwala."

Anaseka onse awiri, ndipo Mzime anamva kupepuka. Anaganiza kuti fomu ndi fomu basi, imawerengedwa kamodzi n'kuponyedwa m'dirowa.

Pakhomo pa oweta agalu panali beseni la madzi a mankhwala, ndipo aliyense wolowa ankayenera kupondamo kaye. Bambo anayang'ana nsapato zawo mwachisoni, napondamo. Mayi oweta agalu anatulukira atavala nsapato za mphira ndi ovolosi yodzaza ubweya. Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo moni wawo unali wofulumira ngati wa munthu amene wasiya mkaka pamoto.

Anayambira kukhola la mapudulu. Tiagalu tinayi toyera tinathamangira kuwaya, tikulumphalumpha ndi kulira ngati zitseko zopanda mafuta. Bambo anaika manja kumbuyo, nadutsa ngati akudutsa shopu ya madiresi.

Kukhola la mashepadi anaima. Munali ana atatu a masabata khumi, mapazi aakulu kuposa matupi awo, khutu limodzi litaima lina litagwa. Mmodzi sanathamange. Anakhala pansi n'kumawayang'ana bambowo, kenaka anayenda mwaulemu n'kudzaluma chingwe cha nsapato yawo. Bambo anagwada pasimenti yonyowa, buluku la kutchalitchi lili pomwepo.

"Iwe! Ukundimasula ndani wakutuma? Taona mapazi akewa, mayi. Uyu akakula adzakhala ngati mwana wa ng'ombe." Anamunyamula n'kumuyang'ana m'maso. "Sajeni. Dzina lake ndi Sajeni."

Mzime anali asanawaone akumwetulira chotero chichokereni kumanda. Anatulutsa foni nawajambula, natumiza chithunzicho kwa achimwene ake.

"Tiyeni pabenchi," anatero mayi oweta agalu, akutulutsa pepala m'thumba la ovolosi. Linali fomu ija, yosindikizidwa. "Ine galu sindigulitsa kwa wolemba fomu. Ndimagulitsa kwa wodzatola zonyansa zake m'mawa. Ndiye ndiwerenga zimene mwana wanu analemba, inu agogo muzivomera kapena kukana."

Mzime anafulumira kuyankha. "Mayi, zonse zili bwinobwino, ndinaonetsetsa ndekha."

"Onse amatero, achemwali. Wina analemba kuti ali ndi bwalo lalikulu, ndikapita ndikapeza khonde la m'mwamba loyanikapo matawulo awiri. Funso loyamba. Mpanda wa njerwa?"

"Wa njerwa," anatero bambo. "Wautali mpaka apa, koma anyamata a masiku ano ali ndi mapiko."

"Mphaka?"

"Amabwera wa aneba kudzandinyoza, koma si wanga."

Mafunso ankatsika limodzilimodzi. Mzime anawerenga mizere papepalalo chozondoka, monga ankachitira pamaintavyu, naona kuti kwatsala atatu, kenaka awiri. Akanatha kunena kuti analakwitsa polemba. Akanatha kunamizira foni n'kuchokapo. Anangokhala, chikwama chili pamiyendo, akupotokola lamba wake.

"Ili ndiye funso lenileni," anatero mayi aja, naika pepala pabondo. "Shepadi si chidole. Akamafika miyezi isanu ndi itatu amakhala atamaliza kulemba m'mutu mwake kuti wapakhomo ndi uyu, wakunja ndi uyu, ndipo safufuta. Amene sanamuone sabata ndi sabata ali wamng'ono, ameneyo ndi wakuba, kaya abwere ndi Baibulo. Kasitomala wanga wina, mlamu wake anakhala padenga la galimoto maola atatu. Tsono inu agogo mumakhala nokha. Tsiku lina mwaterereka m'bafa, simukutha kudzuka, galu ali pabwalo. Adzadutse pageti kudzakutolani ndani? Pafunika munthu wachiwiri amene galuyo amamumvera. Popanda ameneyo, shepadi sindipereka."

Ananyamulanso pepala lija.

"Apa palembedwa kuti, 'Ine mwana wawo, Loweruka lililonse.' Ndi choncho?"

Bambo sanamuyang'ane Mzime. Anayang'ana Sajeni, amene anali atagona pansapato yawo, nakanda kuseri kwa khutu logwa lija. Kukhola lina galu wamkulu anauwa kawiri n'kusiya. Awa anali bambo amene anachotsedwapo ntchito pasukulu ina yoyendetsa galimoto chifukwa chokana kusainira mwana wa bwana amene sankatha kubwerera m'mbuyo. Mzime anakula akumva nkhani imeneyo patebulo mpaka kuiloweza.

"Amabwera," anatero bambo.

"Loweruka lililonse?"

"Amabwera ndithu. Ndi mwana wabwino."

Mayi aja anachonga ndi cholembera. "Mwadala inu. Ena ana awo amangowaona pamaliro. Basi, Sajeni ndi wanu. Maloweruka asanu ndi limodzi akubwerawa muzibwera naye nonse awiri, ndikuphunzitseni kumulamula."

Mzime anatsegula pakamwa, koma bambo ake anayamba ndiwo kuyankhula.

"Tationetsaninso tating'ono tija."

"Mapudulu?"

"Eya, tomweto. Ndaganiza bwino. Mawondo angawa atha. Chigalu chonchi chikadzakula chidzandikoka mpaka mumsewu."

Mayi oweta agalu anayang'ana mawondowo, amene mphindi zochepa zapitazo anagwada pasimenti n'kudzuka osagwira kanthu. Kenaka anayang'ana Mzime, kuyambira kunsapato zazitali zidendene mpaka kumagalasi a dzuwa amene anali pamutu. Anapinda fomu ija kanayi n'kuibwezera m'thumba.

"Ababa, mumafuna shepadi," Mzime anatero ndi mawu ang'ono.

"Ndimafunanso ndege, mayi, koma ndilibe poimika."

Anachotsa Sajeni pansapato ndi manja awiri, namupereka kwa mwini wake osamuyang'ananso. Kukhola la mapudulu analoza koyamba kamene kanafika pawaya.

"Ndikuuzirenitu, agogo," anatero mayi aja akukatulutsa. "Kuuwa kamauwa, mpaka aneba adzakudani. Koma kulondera ayi. Wakuba akakaimbira likhweru kapita naye, n'kumusonyeza pamene mumabisa makiyi. Kameneka sikasankha. Aliyense wolowa pageti ndi m'bale wake."

"N'komweko ndikufuna," anatero bambo.

Pobwerera kagaluko kanakhala pamiyendo pawo, kakunjenjemera ndi kunyambita batani la jekete. Phazi lawo silinafunefune buleki. Foni ya Mzime inalira kawiri: achimwene ake anali atayankha chithunzi chija ndi zilembo zikuluzikulu, kuti ameneyo ndiye galu, akuba aona zakuda. Mzime anaitembenuza chafufumimba.

Pamaloboti achiwiri analephera kupirira.

"Ababa, tibwerere. Tikatenge Sajeni. Ndizibwera."

"Kwayaka kobiriwira."

Anayendetsa. "Ndikunena zoona. Loweruka lililonse, ndikulonjeza."

"Usalonjeze pa galu, mayi. Ine ndine munthu, ukapanda kubwera ndimadziwa kuti kuntchito kwavuta, ndimamwa tiyi wanga n'kukagona. Uja sangamve zimenezo. Udzabwera tsiku lina ndi makiyi ako, iye adzakung'amba mwendo pageti la bambo ako. Kenaka achimwene ako adzati aphedwe. Ndiye ndataya galu, ndapundula mwana, chifukwa cha batire?"

"Bwanji simunangonena kwa mayi aja kuti ndanama?"

"Pamaso pa munthu wovala ovolosi ya ubweya? Ndinakulipirira sukulu kuti uzikanyozedwa agalu akumva?" Anakankha mphuno ya kagalu kuichotsa pabatani. "Komanso bodzalo linali lokoma. Ndinafuna ndilimve kawiri."

Mzime anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri monga anamuphunzitsira, nayang'ana kutsogolo mpaka anafika.

Thumba la chakudya cha galu linali lolemera, choncho analinyamula yekha kulowa nalo m'nyumba. Pabalaza panali pomwe paja, koma mipando itatu inali itafundidwa nsalu, umodzi wokha ndiwo unali ndi dzenje la munthu. Analitula kukhitchini.

"Kapatse madzi kaye," bambo anaitana ali pakhonde, akuvula nsapato. "Tenga mbale yachitsulo ija."

Anatsegula kabati ya m'mwamba, kumanzere kwa sinki, mmene mbale zinkakhala chibadwire chake. Munali mbee. Anatsegula yachiwiri, napeza nyuzipepala yoyalidwa ndi mphemvu yakufa. Yachitatu chimodzimodzi.

"Ababa, mbale zili kuti? Akuba aja anatenganso mbale?"

"Zili pansi. Zonse zili pansi tsopano."

Anawerama natsegula kabati ya pansi pa sinki. Munali mbale, makapu, shuga amene iye ankatumiza, mapaketi asanu osatsegula, ndi mabotolo a mankhwala, zonse zitandandalikidwa bwinobwino pofika dzanja la munthu wokhala pampando.

"Munazitsitsa liti?"

"Nditagwa pasitulu. Phewa ili silikwezekanso."

"Munagwa? Liti? Simunandiuze!"

"Kalekale, mvula isanathe. Unaimba Lamlungu lake, unali ndi chimfine. Ndinati ndisakuwonjezere."

Mzime anatunga madzi m'mbale yachitsulo naiika pansi. Kenaka anakhala pomwepo pasimenti, msana atatsamira kabati. Kagalu kanalowa kakutereraterera, kananunkhiza mbale, kanamwa pang'ono, kenaka kanamuona. Kanathamanga n'kukwera pamiyendo pake, kakugwedeza thupi lonse, kakumunyambita zala ndi chibwano ngati kamudziwa zaka zambiri.

Bambo anaima pakhomo la khitchini atavala masokosi okha.

"Waona?" anatero. "Kakulandira."