Gemu Yachitatu ya Achimwene

Dyson Sitima amakonza mafoni ndi mawailesi pa Chiringa, m'kashopu ka malata koyang'anana ndi poimikira njinga za kabaza. Anthu amamudziwa ngati munthu wosalankhulalankhula. Koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi panali munthu mmodzi amene ankakangana naye sabata ndi sabata, ndipo munthuyo anali achimwene ake, a Noah, amene ankagwira ntchito yaulonda ku Joni.

Ankakanganirana gemu ya pakompyuta. A Noah ndiwo anabwera nayo atabwera kudzaona kumudzi koyamba, pamodzi ndi makompyuta awiri akale amene bwana wawo anafuna kutaya. Inali gemu ya maufumu akalekale. Umayamba ndi anthu atatu ndi kanyumba kamodzi pakati pa thengo. Umawatuma kukadula mitengo, kukalima, kukakumba miyala ndi golide, mpaka kamudzi kaja kasanduke mzinda wa linga, wokhala ndi asilikali a mauta ndi okwera pa akavalo. Mdani naye sadikira kuti umalize. Iwe uli kalikiliki kumunda, iye akuwoloka kale mtsinje ndi nkhondo. Gemuyo inali itatuluka kawiri. Yoyamba anangoilawa, koma yachiwiri ndiyo inawalowa m'magazi. Miyezi itatu imene a Noah anakhala kumudzi, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankalumikiza makompyutawo ndi chingwe n'kumenyana mpaka batire ya sola itatha.

A Noah atabwerera ku Joni, nkhondo ija inasamukira pa foni. Tsiku lina Dyson analandira uthenga wa mawu.

"Iwe Dyson, yachitatu yatuluka kuno. Madzi ake ukhoza kuwatunga. Akavalo akamathamanga fumbi limachita kubuka. Ija umaikakamirayo ndi ya agogo, itaye."

Makompyuta a Dyson sakanatha kuinyamula yatsopanoyo, choncho anangoonera anthu ena akuisewera pa foni, kenako anayankha.

"Achimwene, ndaiona gemu yanuyo. Munda ukatha akuti umadzidzala wokha. Munaonapo kuti munda wodzidzala wokha? Mu yachiwiri ukaiwala alimi ako, asilikali amagona ndi njala, ndiye munthu umaphunzira. Yanuyo apangira alesi."

"Alesi ndi iweyo amene ukuopa kuphunzira zatsopano," anatero a Noah mawa lake.

Zinapitirira choncho. A Noah ankayamikira zombo, nyimbo ndi mitundu yatsopano ya anthu. Dyson ankati nyumba zake zimafanana, moti sungasiyanitse nkhokwe ndi nyumba ya asilikali. Za mvula, za maliro a m'mudzi, za mitengo ya nandolo, ankazitchula mothamanga kumapeto. Kaya ku Joniko akukhala bwanji, a Noah sankanena, ndipo Dyson sanafunsepo.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mlongo wawo Fyness anaimba foni kuti achimwene akubwera, akawachingamire pa siteji. Dyson anatseka shopu mosangalala, ali ndi mawu okonzeka kale m'kamwa. Minibasi itaima, anaona kondakitala akutsitsa bambo wina wowonda, wa magalasi akuda, atamugwira pa mkono ngati nkhalamba. Anayang'ana kumbuyo kwa bamboyo kudikira kuti achimwene ake atsike. Kenako bamboyo anati, "Dyson, uli mbali iti?"

Anali matenda a shuga. Anawadya kwa zaka zinayi, ndipo ntchito inatha pamene maso anasiya kuona manambala a magalimoto pa geti. Tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dyson anawakweza pa njinga n'kuikankha wapansi mpaka kwa Fyness, m'munsi mwa phiri la Michesi. Njira yonse a Noah anafungatira chikwama chakuda pachifuwa, osalola kuti achimangirire.

Atapuma masiku awiri, a Noah anamuitanitsa Dyson. Anakhala pa khonde, Fyness akusenda chinangwa cha makaka chapatali.

"Tsegula chikwamacho," anatero a Noah. "Ndi yako. Yachitatu ilimo. Uone wekha, usiye kukangana ndi zinthu zimene sunagwirepo."

Inali laputopu yabwino, yopanda n'kachilema komwe. Dyson anaiyatsa, natsegula gemuyo. Pakona pa sikirini panalembedwa nthawi yonse imene mwini wake anaisewerapo chiigulireni: mphindi makumi anayi. Nkhondo zonse zinali zokhoma, kupatula phunziro loyamba, lomwe nalonso silinamalizidwe. Anayang'ana nkhope ya achimwene ake, koma magalasi aja anali kuloza kuphiri.

"Ukuona chiyani? Undiuze."

"Ndikuona nyanja," anatero Dyson. "Mafunde akugunda pamchenga n'kubwerera. Pali amayi awiri akuthyola zipatso, madengu ali pamutu."

"Fumbi la akavalo?"

"Sindinafike pa akavalo."

A Noah anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Inenso sindinafikepo. Waona kale, eti? Imalemba pakona paja."

Dyson anayang'ananso pakona paja.

"Ndinaigula maso atayamba kale kuchita chifunga. Anthu aja ndinkangowaona ngati nyerere zothiridwa madzi. Zonse ndinkakuuzazo ndinkamva kwa anthu a pa intaneti, ndili pa geti. Iwo akati madzi ndi okongola, ine n'kudzakuuza kuti madzi ndi okongola."

"Bwanji osandiuza kuti mukudwala?"

"Ukanati chiyani? Ukanati pepani achimwene, bwerani kumudzi. Sabata yotsatira pepani achimwene. Kenako ukanayamba kuopa kutsegula mauthenga anga. Koma ndikanyoza yachiwiri, m'mawa ndinkapeza mawu ako a mphindi zisanu, ukuchita kupuma movutikira ndi mkwiyo. Ndinkawamvera katatu."

Fyness anali atasiya kusenda. Anatola dengu lake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Ndiye sewera, undiuze zoona," anatero a Noah. "Inaposa kapena ayi?"

Dyson anasewera kwa ola limodzi. Mabatani sanali pamene anazolowera, ndipo mtima wake sunali pamenepo. "Sindikudziwa," anatero pomaliza. "Ndi yokongola. Koma sindikuimva."

"Nanenso sindikuimva. Anthu akewo akayankha sindikudziwa ngati apita kumunda kapena kunkhuni. Lamulungu ubweretse yakale ija."

Lamulungu Dyson anamangirira kompyuta imodzi yakale ndi batire pa njinga. Nyimbo yoyambira itangolira, a Noah anawongola msana. Anaika zala pa mabatani, ndipo zalazo zinapeza malo ake zokha. Anagawana ntchito: Dyson agwire mausi ndi kukhala maso, a Noah aziumba anthu ndi kumanga ndi mabatani. Chiyambireni anali asanakhalepo mbali imodzi.

Zinapezeka kuti a Noah ankaidziwa gemuyo ndi makutu. Nkhwangwa ikasiya kumveka ankati, "Odula mitengo aima, nkhalango yatha, asunthe." Kaphokoso kena kakalira ankati, "Munda wauma uwo, ukugona?" Lipenga litalira chakumanzere anamugunda Dyson ndi chigongono. "Alowa. Imba belu, anthu athawire m'linga. Iwe nthawi zonse umachedwa kumanga nsanja."

Anagonja tsiku limenelo, mzinda wonse unapsa. A Noah anaseka mpaka kutsokomola, namunena Dyson kuti zaka zonsezi ankangopambana chifukwa chosowa womuphunzitsa. Sabata yotsatira anagonjanso. Yachitatu anapambana, ndipo a Noah anapempha Fyness kuti awapatse tiyi wothira shuga, iye n'kukana.

Anasewera Malamulungu asanu ndi awiri. Kenako kachilonda kamene kanali pa chala cha phazi kanakula, mwendo unatupa, ndipo anawatengera kuchipatala. Anagonako masiku asanu ndi anayi. Dyson ankapita tsiku lililonse, koma a Noah sankalankhulanso zambiri, ankangofunsa ngati mvula yagwa kumudzi. Anamwalira Lachinayi masana, sabata ya Khrisimasi isanafike, ndipo anawaika chimanga chitangomera.

Laputopu ija inakhala m'chikwama pansi pa tebulo la m'shopu mpaka Febuluwale. Mwezi umenewo makasitomala amasowa, anthu amakhala ali kumunda, ndipo mvula inkagwa masiku osalekeza. Tsiku lina Dyson anaitulutsa kuti angoitchaja batire isafe. Anatsegula phunziro loyamba lija n'kulimaliza. Mawa lake anayamba nkhondo yoyamba.

Inamutengera masabata asanu kuti amalize zonse. Zina zimene ankanena zinali zoona ndithu: nyumba zinkafanana, ndipo nyimbo zake sizinkakhala m'mutu. Koma asilikali sankakodwanso pa mitengo ngati mu yachiwiri. Okwera pa akavalo akafika pa mikondo ankabwerera m'malo mongodzipereka. Mdani ankatha kunamizira kuthawa kuti umutsatire. Ndipo minda yodzidzala yokha ija, imene anainyoza zaka zisanu ndi chimodzi, inkamupatsa mpata wokweza maso n'kuona nkhondo yonse, m'malo mothamangira kumunda mphindi iliyonse. Tsiku limene anagwetsa linga lomaliza, mvula inali ikusokosa padenga. Munthu wina anagogoda ndi wailesi yowonongeka, iye n'kumuuza kuti abwere mawa.

Anapalasa njinga m'matope mpaka kwa Fyness. Anamupeza pa khonde akusankha nyemba m'lichero.

"Achemwali, ndamaliza gemu ija anabweretsa achimwene."

"Ya pakompyuta ija? Ndiye zatha bwanji?"

Dyson anakhala pa mpando n'kuyamba kufotokoza za akavalo, za mikondo, za minda. Anafotokoza nthawi yaitali, kuposa mmene Fyness anamumverapo akulankhula. Fyness sankamvapo kanthu, koma sanamudule, ankangotaya timiyala pansi.

"Ndiye ankanena zoona ndani?" anafunsa atamaliza.

"Iwowo. Inaposa."

"Osaiona n'komwe."

"Osaiona n'komwe."

Fyness anapeta nyemba zija kawiri, nauzira mankhusu. "Chaka chimene unabadwa, achimwene akowo anakubereka kumsana mpaka kuchigayo, mayi asakudziwa. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankati akufuna anthu aone kuti ali ndi mng'ono wake." Anamukankhira lichero. "Gwira apa, ndikaone mbuzi zisalowe m'chinangwa cha eni."

Dyson analandira lichero n'kuyamba kusankha.