Kugogoda Katatu

Nyumba zazitsulo zokhota ngati uta zija, zosungiramo katundu kapena mathirakitala, sizimangidwa ndi munthu mmodzi. Wina amakhala kunja kulowetsa bawuti, wina m'kati kumanga nati, lata lili pakati pawo. Kwa zaka khumi ndi zisanu, abale awiri ankagwira ntchitoyi limodzi: mkulu ankakhala m'kati, mng'ono wake kunja. Ankamvana pogogoda lata ndi sipanala: kamodzi ndiye kuti gwira, kawiri ndiye kuti yalimba, tiye patsogolo.

Atakangana za munda wa malemu bambo awo, anasiya kulankhulana, ngakhale moni weniweniyu. Koma ntchito inkayendabe, poti sipanala sisunga mangawa.

Tsiku lina, akumaliza nyumba yosungiramo feteleza, mkuluyo anamva kugogoda katatu, pang'onopang'ono. Katatu kunalibe pa ntchito yawo. Anadziwa bwino lomwe kuti mng'ono wake sanasokoneze kuwerenga, koma anaumitsa mtima. Anamanga nati ija, n'kugogoda kawiri.

Sabata yotsatira mng'onoyo anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanatulukemo wamoyo. Pamaliro, mkazi wa malemuyo anati, "Alamu, mbale wanuyu matendawa ankawadziwa kalekale."

Masiku ano kunja kumakhala mmisiri wina waganyu. Tsiku lina masana, atamanga nati yomaliza, mkuluyo anangozindikira iye mwini wagogoda katatu.

"Nanga katatu ndiye kuti chiyani, bambo?" anafuula wakunjayo.

Mkuluyo anatsamiritsa chipumi pa lata lotentha ndi dzuwa.

"Si zanu, achimwene," anatero. "Ndikuyankha munthu wina."