Tsamba Lomaliza la Che Ayuba

Che Ayuba a ku chilumba cha Chisi anapita kunkhondo ku Burma osabwerako. Kunangobwera makalata awo, chithunzi kunalibe. Choncho chidzukulu chawo, Sumaiya, posandutsa makalatawo kukhala kabuku ka makatuni, nkhope anabwereka kwa amalume ake a Kassimu, ogulitsa matemba pa doko la Kachulu.

Atamaliza, kabukuko anakaonetsa agogo ake, Abiti Ayuba, amene anabadwa bambo awo ali kale kunkhondo. Gogoyo anatsegula masambawo limodzilimodzi, akuyendetsa chala pa msilikaliyo.

"Anganga, nkhopeyotu ndi ya amalume," anatero Sumaiya.

"Ukundiuza ine? Kassimu ndinabereka ndine. Makutuwo anatengera kwa bambo anga, amayi ankatero."

Atafika patsamba lomaliza, anapeza manda a bambo awo ali pansi pa mitengo yachilendo. Anatembenuza pepalalo, kuseri kuli mbee.

"Basi, yathera pamenepa?"

"Makalata anathera pomwepo, anganga. Zongopeka ine sindinafune kuikamo."

Abiti Ayuba anazula pensulo imene Sumaiya anatsomeka m'duku, nkumufumbatitsa m'manja.

"Nkhope unapeka bwinobwino, ukukanika bwato? Azungu anawasiya kutchireko, iwenso ufuna uwasiye konko? Jambula nyanja. Akocheze pa Chisi, andione."