Foni Imodzi, Nyumba Yonse

"Chotsani ndime yachitatu basi," anatero Bwana, akugogoda lipoti ndi cholembera. "Zina zonse zili bwino."

Mai Mafunso sanakhale pansi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a mu ofesi, poti ntchito yawo inali yofufuza mmene makompyuta osankha anthu amakhudzira miyoyo ya anthuwo. Ulendo uno anafufuza pulogalamu ya fakitale ina yosoka zovala, yomwe inkasefa ofunsira ntchito. Nambala ya foni ikaoneka pa mayina awiri, pulogalamuyo inkati pali chinyengo, n'kuwataya onse awiri. Chonsecho m'makomo ambiri foni ndi imodzi: ya mayi, ana ake, mpaka mlamu yemwe. Ndime yachitatu inkanena kuti lamulolo analilemba ndi anthu, ndipo akuluakulu a fakitale analivomereza.

Injiniya wa fakitaleyo, amene anabwera kudzamva zotsatira, anamwetulira.

"Mayi, kompyuta sikondera. Ingolembani kuti makina anaphonya. Ife tikonza mwakachetechete."

"Nanga amene anatayidwa kale muwaitananso?"

"Aa, zapita zapita."

"Achimwene, mbuzi ikalowa m'munda mwa eni, kubwalo sikupita mbuzi. Kapena kwanu mumaiveka jekete?"

Injiniya anaseka yekha, kuseka kouma. Bwana anavula magalasi.

"Mai Mafunso, anthu awa ndi amene anatitsegulira zitseko. Kontirakiti yanu ikutha Lachisanu. Mukaumirira, ine sindikhala ndi pakamwa pokulankhulirani."

Mayiwo anaganiza za ana awo awiri a sukulu. Kenako anakumbukira mtsikana wina ndi mng'ono wake, onse odziwa kusoka, amene anawapeza atakhala pakhonde foni yong'aluka ili pakati pawo. Wamkuluyo anafunsa kuti, "Ndiye anti, ifeyo tinalakwa chiyani?" Mayiwo anawalonjeza kuti yankho adzabwera nalo okha.

"Lachisanu ndi lanu, Bwana," anatero. "Lachinayi likadali langa. Onse amene ndinawafunsa mafunso ndikukawawerengera lipotili, monga tinalembera pa chilolezo chawo. Ndime zonse."

"Simukuopa?"

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

Anasolola lipoti pansi pa dzanja la Bwana, n'kutuluka osamenyetsa chitseko. Pa makina okopera mapepala anapeza mzere wa anthu. Anaima kumbuyo, n'kudikira mpata wawo wokopa lipotilo.