Zikhadabo za Amake Tisungane

Amake Tisungane analowa mu saluni yanga ku Khonjeni Loweruka m'mawa manja atawabisa m'chitenje. Mayi amenewa athyola tiyi pa esiteti kwa zaka makumi awiri, ndipo ndinali ndisanawaonepo akuchita manyazi ndi chilichonse.

"Triza mwanawe, tseka chitseko," anatero.

Nditatseka anatulutsa manja aja. Ndaona zambiri pantchito yangayi, koma apa ndinayamba ndakhala pansi. Zikhadabo zomata zinatsala zitatu zokha, zofiira, chilichonse choloza kwake. Zikhadabo zawo zenizeni zinali zong'ambika, zopyapyala ngati makoko a anyezi, ndipo pamwamba pake panali zinthu zonanda.

"Izi n'chiyani, amayi?"

"Sulushoni."

"Wa njinga?"

"Nanga alipo wa ndege?"

Nkhani yake inali yotere. Mwana wawo Tisungane anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Blantyre, ndipo amayi sanafune kuti akuchimuna aone zala zoda ndi utomoni wa tiyi popatsana moni. Mtsikana wina pamsika anawamata zikhadabo zazitali ndi supagulu. Ukwati unayenda bwino. Vuto linali loti amayi anazikonda zikhadabozo, mpaka anapita nazo kukathyola tiyi. Tiyi salemekeza za ukwati, ndiye tsiku lililonse chimodzi chinkazuka.

Apa ndi pomwe analowererapo amuna awo, a Everson, omwe amakonza njinga za akabaza. Munthu wachikondi ndithu, koma Mulungu awakhululukire. Chikhadabo chikazuka ankachita zomwe amachita ndi chubu chobooka: kupala ndi sandipepa, kupaka sulushoni, kuuzira, kenako kumata n'kupanikiza.

"Sanakuviikeni m'madzi kuti aone ngati mukuphwa?" ndinafunsa.

"Usandiseke iwe," anatero, koma okha akuseka. Kenako nkhope inasintha. "Dzulo a kapitawo apeza chikhadabo chofiira m'masamba anga. Achikweza m'mwamba gulu lonse likuona. Ati Lolemba ndikabwera ndi manja osathyola bwino, mzere wanga apatsa wina. Pageti pali atsikana ambiri akudikira, Triza. Ine ntchito ina sindiidziwa."

Zinandikhudza, ndipo mtima unandiwawa poganiza za mtsikana wa pamsika uja, a Everson ndi sandipepa wawo yemwe.

Ndinaviika zalazo m'mankhwala osungunula guluu. Amayi ankafuna kungozula zitatu zotsalazo ndi mano, ndinachita kuwamenya padzanja. Chikhadabo chomata sachikoka, chimachoka ndi chenicheni chomwe. Tinadikira mpaka zinafewa, n'kumazisuntha pang'onopang'ono ndi kamtengo. Sulushoni ndiye anavuta, anali womatidwa ndi katswiri. Kenako ndinawenga zonse kufupi, ndinasalaza mong'ambika, n'kupaka mafuta m'mbali mwake. Mafinya munalibe, ndipo ndinathokoza, chifukwa akanakhalamo ndikanawatumiza kuchipatala.

"Tsopano mverani. Masabata atatu osathyola tiyi. Mafuta m'mawa ndi madzulo."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti asiye kupuma.

"Wandimva za Lolemba?"

Ndinali nditamva. Ndinawapempha kuti andionetse momwe amathyolera. Anakweza manja n'kuyamba kuthyola mumlengalenga, mwachangu moti maso anga sankatha kutsata. Ndinaona kuti ntchito yaikulu ili pa chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lililonse. Ndinatenga pulasitala, ndinaduladula timizere, n'kukulunga zala zinayizo mosiya nsonga panja kuti zizimva tsamba. Tinatuluka kukayesera pa mpanda wa maluwa wa aneba. Pomwe aneba amatuluka kudzakalipa, mbali imodzi ya mpandawo inali itametedwa kale.

"Zikutheka," anatero amayi.

"Pulasitala muzisintha tsiku lililonse. Ndipo a Everson asayandikire."

Tinabwerera mkati. Ndinkaganiza kuti atsanzika, koma anakhalanso pampando, maso ali pa timabotolo ta kyutekisi. Anaika manja patebulo n'kupinda zala zokulungidwa zija.

"Zinayizi ndi za esiteti, azitenge," anatero. "Koma zotsalazi ndi zanga. Zikachira udzandipake wofiira uja. Ndakalamba ndisanadziwe kuti manja angawa akhoza kukongola."