Mtengo wa Pichesi ku Bwanje

Mervis anatsika nawo bambo ake ku Bwanje mu Januwale, mvula ili pakati. Katundu anali wochepa. Sutikesi imodzi, ndodo, bulangete. Ndi kamtengo ka pichesi m'chidebe chobooka.

Bambo akewo anali a Jasper Ngozo. Ku Tsangano aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu, napuma, nayamba kulima mbatatesi ngati anzawo onse. Kenaka akazi awo anamwalira. Pasanathe miyezi inayi, sitiroko inawagwetsa m'munda. Anadzuka, koma mwendo wamanzere unatsalira. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, foni yosagwira. Pakhomo panatsala msuweni wawo, a Dailes, nawonso okalamba, maso akuchita khungu. Akanawatungira madzi ndani? Akanawakumbutsa mankhwala ndani?

"Mukupita nane, Ababa," anatero Mervis.

"Kuchigwa? Ine? Kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa?"

"Chipatala chili pafupi. Inenso ndili komweko."

Anakana masiku atatu. Lachinayi analoza ndi ndodo kamtengo kamene malemu akazi awo anamezanitsa asanadwale.

"Kumba ako, tipite nako. Kakachita maluwa kumeneko, ndikhala mpaka mudzandiike. Kakakana, undibweza kuno. Wamva, Nangozo?"

Mervis anavomera msangamsanga, asanasinthe maganizo. Mtengo umafuna chiyani? Madzi basi. Ndipo madzi ku Bwanje analipo. Ngalande ya sikimu ya mpunga inkadutsa kuseri kwenikweni kwa nyumba yake.

Dzenje anakumba mwamuna wake, Cosmas, mlimi wa mpunga, munthu wanthabwala. Anathiramo manyowa a mbuzi, natchinga ndi minga. Mervis ankathirira m'mawa ndi madzulo. Kamtengoko kanagwira. Kanatulutsa masamba atsopano, aatali, onyezimira. Juni anafika, Julayi, Ogasiti. Duwa ayi.

"Kangosamuka kumene," anatero Mervis. "Tikapatse chaka china."

Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Okutobala anawazunza. Ankakhala pakhonde, kansalu konyowa kali pamutu, malaya ali yasa. Malungo anawagwira kawiri. Komabe mwendo unayamba kumvera. Mankhwala ankamwa pa nthawi yake. Anesi anati magazi asiya kuthamanga. Mervis ankaona masaya akubwerera, mtima wake n'kukhala pansi.

Tsiku lina mu Malichi, Cosmas anaima pakhonde, naloza sikimu. Mpunga unali biriwiri mpaka kumene maso amalekeza.

"Apongozi, taonani. Paja mumati kuno n'kouma?"

"Mpunga usakunamizeni, bambo. Ameneyo ndi mlendo, akudya za m'ngalande. Tsekani ngalandeyo mwezi umodzi, muone."

"Nanga tifunse ndani?"

"Funsani mtengo umene palibe anaubzala." Ndodo inaloza kupitirira sikimu. "Malambe awo. Masau awo, minga yokhayokha. Mlambe umasunga madzi m'mimba chifukwa umadziwa kuti kuno mvula ikapita, yapita. Anthu amene anagawa dziko lapansi m'zigawo za nyengo anayamba ndi zomera. Apa nkhalango yosayoyola masamba. Apa udzu, mitengo patalipatali. Apa mchenga. Ndiye n'kufunsa: mvula imagwa yochuluka bwanji? Dzuwa limamwako yochuluka bwanji? Yotsalira mtengo ndi iti? Nanga kumazizira mpaka pati?"

"Mayeso tilemba liti, Aphunzitsi? Ndibwereke pensulo."

"Inu munalephera kale. Khalani pansi."

Anaseka onse awiri. Mervis ankatsuka mbale chapafupi. Anamva theka. Chimene anatolapo ndi madzi. Tsiku lomwelo anawonjezera ndowa yachitatu.

Juni wachiwiri anapeza mtengo utamupitirira Mervis msinkhu. Unali wokongola. Kukongolako n'kumene kunayamba kumuopsa. Ankakumbukira kwawo. Kumtunda, chisanu chikalimba, mapichesi amayoyola masamba onse. Amaima ali mbulanda m'chifunga ngati nkhuni zouma. Kenaka m'mawa wina umangoona nthambi zili maluwa okhaokha, tsamba kulibe. Uwu unali chivalire.

Mlangizi wa zaulimi anadutsa pa njinga yamoto, akupita kusikimu. Mervis anamuimitsa, namutengera kuseri. Mlangiziyo anagwira nthambi, naseka pang'ono.

"Ndani anakupatsani ntchito imeneyi, mayi? Madzi si vuto. Mwauthirira mpaka wanenepa. Pichesi imafuna kuzizidwa. Ikapanda kugona m'chisanu, sidzuka ndi maluwa."

"Ndiye nditani?"

"Bzalani mango."

Analiza njinga yake, napita.

Kuzizidwa. Mervis anayenda nalo liwulo tsiku lonse. Anapeta nalo mpunga. Anachapa nalo. Madzulo anakumbukira Zelesi, mnzake wa kukwaya, amene ankagulitsa mafilizesi pamsika. Zelesi anali ndi firiji.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita kwa Zelesi ndi timajumbo ta madzi khumi. Tsiku lotsatira anakatenga titauma gwa. Anatikulunga m'thumba la mankhusu a mpunga kuti tisasungunuke panjira. Atafika anafukula patsinde, nayala ayisi pamizu, nakwirira ndi udzu. Anagwira dothi. Linali zii, ngati la kwawo mu Julayi. Anamwetulira yekha.

Anatero tsiku ndi tsiku. Magetsi akathima, ankabwerako chimanjamanja, nkhope ili gwa.

"Asisi, mtengo wanuwo ukumwa filizesi?" anafunsa Zelesi. "Muuikireko shuga. Umakonda wofiira kapena wachikasu?"

"Tangondipatsani, inu."

"Mawa mubwere nawo, tiulowetse m'firijimo ugone ndi nsomba."

Nkhani inafika kumjigo. Amayi ankamuona akudutsa ndi thumba lodontha, n'kumagwirana m'mapewa. Cosmas anapirira masabata awiri.

"ANangozo, anthu akutiseka."

"Aziseka. Bambo ndi anga."

Aphunzitsi sankapita kuseri. Chibwerere, mtengowo anali asanaufunseko n'kamodzi komwe. Koma m'mawa wina, sabata lachitatu, Mervis ali chigwadire patsinde, anamva ndodo kumbuyo kwake. Go. Go. Go.

"Ukuchita chiyani, Nangozo?"

"Ndikuupatsa chisanu."

Anafika pafupi. Anakhudza ayisi ndi nsonga ya ndodo. Anayang'ana manja a mwana wawo, ofiira ndi kuzizira. Anayang'ana njinga, thumba, matope a kumiyendo. Anakhala pa chidebe chovundikira.

"Masiku angati?"

"Khumi ndi asanu ndi anayi."

"Mayo ine." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Chisanu sichilowera kumizu, mwanawe. Chimafunika kunthambi, pa timaso tamaluwa. Mpweya wonse uzizire, masabata ndi masabata. Firiji ya Zelesi singaziziritse chigwa."

Mervis anasiya kukwirira.

"Munkadziwa."

Aphunzitsi anayang'ana pansi.

"Tsiku lija munkaloza ndi ndodo. Munkadziwa."

"Ndinaphunzitsa zimenezi zaka makumi atatu."

"Ndiye munandinamiza, Ababa. Mumandiona ndikusenza ndowa. Chaka ndi theka! Mumandiona muli phee pakhonde."

"Ndinkalephera kukukanira. Unali utangoika mayi ako, maso otupa. Ndinati mtengo ukukanire m'malo mwanga." Analoza ayisi ndi ndodo. "Ndimayesa uthirira, utopa, uona wekha. Za ayisizi sindinaziganize. Zimenezi ndalakwa."

"Kumeneko mukafa. A Dailes saona. Mukagwa popita kuchimbudzi, akakudzutsani ndani?"

"Ndikudziwa."

"Kuno mwendo wayamba kuyenda."

"Wayamba. Iwe ndi mwamuna wako mwandisunga bwino, sindingakane. Koma ndikadzuka m'mawa, ndimasuzumira panja, sindidziwa kuti tili mwezi wanji. Palibe chimandiuza. Kwathu ndimangoona udzu wa m'dambo, ndadziwa. Ndimangonunkhiza mphepo. Kuno ndimakhala ngati munthu wodikira basi pa depoti. Amandipatsa tiyi, amandipatsa mpando. Koma ndi pa depoti."

Ayisi ankasungunuka pakati pa mawondo a Mervis. Madzi analowa m'chitenje.

"Ogasiti sanathe," anatero.

"Sanathe. Tidikire."

Kwa Zelesi sanapitenso. Kuthirira sanasiye. M'mawa uliwonse ankagwira nthambi imodziimodzi, kutembenuza masamba, kufufuza. Ankadziwa kuti sapeza kanthu. Ankafufuzabe. Ndi bambo ake ankayankhulana zofunika zokha. Madzi osamba awo. Mankhwala awa. Zikomo. Ogasiti anatha ndi mphepo yafumbi.

Cosmas anamupeza akupuntha mpunga, namukokera pambali.

"Tingowakaniza. Pangano la mtengo ndi pangano ngati? Sangakwere phiri okha. Akwiya mwezi umodzi, aiwala."

Mervis anaima, munsi uli m'manja. Zinali zoona. Popanda iye sakanafika ngakhale pamsewu. Akanangonena kuti ayi, basi. Akanakhala nawo zaka zina zisanu, mwina khumi. Anasuzumira pakhonde. Bambo ake anali atakhala chowongoka, atavala nsapato zawo zakutchalitchi, zopolishidwa. Anali atazivala kuyambira pa 1 Seputembala. Sananene kanthu kwa aliyense.

Anatsamiritsa munsi kukhoma. Anakoleza makala, nayamba kusita malaya awo.

Ananyamuka Lolemba. Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa Golomoti. Kenaka galimoto inayamba kukwera chitunda cha Khwekhwerere, ikulira, ikukhotakhota. Aphunzitsi anakhala kuwindo. Malambe anayamba kuchepa. Anatha.

"Waona?" anatero chapansipansi. "Wotsiriza ndi uja."

Anayamba kutchula mitengo ngati akuitana maina m'kalasi. Mombo. Tsamba. Msuku. Mnyamata wa kondakitala anawayang'ana, nayang'ana Mervis. Mervis anayang'ana kutsogolo. Pamwamba mphepo inalowa pawindo, yakuthwa. Anthu anati tsekani. Aphunzitsi anachita ngati sakumva.

Anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto ya matola yonyamula mbatatesi. A Dailes anawazindikira ndi mawu, nalira, naseka, naliranso. Udzu unali utalowa mpaka pakhonde. Lata limodzi la kukhitchini linali litapita ndi mphepo. M'chipinda munkanunkha makoswe.

Mervis anali ndi masiku awiri okha. Lachinayi linali tsiku lawo la madzi kusikimu, chimanga cha m'chilimwe chinkadikira. Anasesa. Anazira pansi. Analambula njira. Anadzaza madzi m'chilichonse chotha kusunga madzi. Mapiritsi anawagawa m'timabokosi ta machesi, ka m'mawa kokhala ndi mphira, ka madzulo kopanda, kuti a Dailes azizindikira ndi zala. Anayenda makomo atatu oyandikana nawo, kugwada, kupempha kuti azisuzumirako. Onse anati musadandaule. Onse anali ndi minda yawo.

Pomaliza anatenga chingwe cha ng'ombe chakale. Anachimanga pa nsanamira ya khonde, nachikoka mpaka kuchimbudzi, nakhoma zikhomo zitatu pakati.

"Muzigwira ichi. Ndodo dzanja ili, chingwe dzanja ili. Kukagwa mame musatuluke."

"Wandisandutsa mbuzi."

"Ababa."

"Ndamva, ndamva."

Lachitatu m'mawa chifunga chinali chisanachoke. Mervis anamanga kachikwama kake. Aphunzitsi anavala jekete, nafuna ndodo.

"Mukupita kuti?"

"Kukuperekeza. Mlendo amachoka yekha pakhomo pa Ngozo?"

"Ine si mlendo."

"Tiye."

Anayenda pang'onopang'ono. Anadutsa nkhokwe. Anafika pamene bwalo limathera, njira n'kuyamba kutsetsereka. Mwendo unakana. Anaima, akupuma mwabefu, dzanja lili paphewa la mwana wawo. Kubwerera okha sakanatha. Mervis anaika chikwama pansi, nawagwira m'chiuno, nawabweza mpaka pakhonde. Anawakhazika pampando. Anawafunditsa bulangete m'miyendo.

"Ndiye wandiperekeza ndiwe," anatero Aphunzitsi, akuyesa kuseka.

"Khalani pompo. Musadzukenso."

"Ukapereke moni kwa bambo a kunyumba. Ukawauze kuti mayeso aja akhoza."

Mervis anagwada, nawagwira dzanja ndi manja awiri, nanyamuka. Anatola chikwama, natsetsereka mofulumira, osacheuka. Kumunsi hutala ya matola inkalira kale.

Pa mlatho wa mitengo anacheuka. Bulangete linali pansi. Bambo ake anali ataimanso, atafika pa chikhomo chachiwiri, kumene njira yonse imaonekera. Dzanja limodzi linali pa chingwe. Linalo linali m'mwamba, ndi ndodo yomwe.

"A Dailes!" anakuwa Mervis. "A Dailes, akhazikeni pansi!"

Mphepo inabweza mawuwo. Hutala inaliranso, kawiri.