Kiyi wa Ulusi Wofiira

Munthu uja analowa m'shopu mwathu masana, mvula itangokata, jekete lake likudontha madzi. Sanapereke moni. Anangoima n'kumayang'ana khoma la kumbuyo kwanga, pamene timapachika makiyi osadula.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndataya kiyi wa galimoto. Ili pakona apo."

Achemwali anga, eni ake a shopuyi, anali atapita kokagula katundu. Iwo amadula makiyi, ine ndimawalembetsa m'galimoto. Kiyi wa masiku ano ali ndi kachipi m'mutu mwake, ndipo galimoto ikapanda kukazindikira, injini siilira ngakhale mupotokole mpaka dzanja lipweteke. Lamulo la achemwali ndi limodzi: palibe chitupa ndi mapepala a galimoto, palibenso kiyi. Mnzathu wina wa ntchito yomweyi anapangirapo kiyi mbava, apolisi n'kumutsekera shopu mpaka lero.

"Chitupa chanu?"

"Chatsekeredwa m'galimoto momwemo."

"Nanga dzina?"

"Tiyeni kaye mukaione."

Ndinanyamula chikwama cha zida, mtima ukukana. Galimotoyo inali yakale, yobiriwira, matope a ulendo wautali atauma m'mbali mwake. Ndinalowetsa kapilo ka mpweya pampata wa chitseko n'kupopa, kenako ndinakoka loko ndi waya. Chitseko chinatseguka. Mlendo uja anatsegula kabokosi ka kutsogolo. Munali chipeso ndi makoko a lalanje basi.

"Ndiye kuti mapepala onse ndawasiya kumene ndagona," anatero, osandiyang'ana.

Ndinali nditatsegulira galimoto munthu wopanda dzina, masanasana. Tsidya la msewu, mlonda wa pasitolo ya mankhwala ankatiyang'ana, foni ili kukhutu.

Ndinalumikiza makina anga pansi pa chiwongolero kuti ndioneke ngati ndikugwira ntchito, uku chala chikulembera achemwali uthenga: bwerani msanga pakona, zavuta. Makina anawerenga n'kuonetsa kuti galimotoyo imadziwa makiyi awiri.

"Popeza palibe ngakhale mmodzi m'manja mwanu," ndinatero, "ndiyenera kufufuta onse awiri, galimoto iwaiwale, ndiye ndiiphunzitse watsopano. Koma popanda mapepala..."

"Musafufute!"

Ndinadzidzimuka mpaka makina anatsala pang'ono kugwa.

"Pepani," anatsitsa mawu. "Winayo alipo. Ali pamsomali m'shopu mwanu, wa ulusi wofiira uja."

Kiyi ameneyo ndinamupeza ali pomwepo pamene ndinkabwera kudzakhala ndi achemwali nditamaliza sukulu. Amamupukuta fumbi okha, ndipo ndikafunsa amangoti, "Ameneyo sagulitsidwa, iwe." Ali ndi zinsinsi zawo achemwali. Wina akawafunsira banja amaseka n'kunena kuti akudikira Wochedwa, ndipo tonse timaseka nawo.

Koma kiyiyo ali poyera, aliyense wolowa m'shopu amamuona. Ndikanathamangira kukamutenga, ndikanasiya galimoto yotsegula ndi makina athu m'manja mwa munthu ameneyu.

"Sindichoka pano," ndinatero.

"Simukulakwa, mayi."

"Kiyi wanuyo mwamutayira kuti?"

Analoza ngalande ya kutsogolo kwa shopu yathu, imene inkathamanga ndi madzi akuda. "Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikumuseweretsa m'manja. Kulowa kumandikanika. Kenako anangopulumuka."

Mlonda uja anali atayamba kuwoloka msewu, ndodo yake m'khwapa. Ndinaganiza za loko wa apolisi pachitseko chathu, ndi nkhope ya achemwali pomva kuti ndine ndaphwanya lamulo lawo.

"Galimotoyi ndi ya ndani?" anafunsa mlondayo.

"Yanga," anayankha mlendo.

"Onse amatero, achimwene. Chitupa chili kuti?"

Apo ndi pamene ndinamva nsapato za achemwali. Anatulukira akupuma mwawefuwefu, katoni ili m'manja. "Wapalamulanso chiyani, iwe?" Kenako anaona galimoto ija, n'kuima n'kuiyang'anitsitsa. Mwini wakeyo sanamuyang'ane n'komwe. Anaika katoni pansi, nalowa m'shopu, n'kubwerako ulusi wofiira ukulendewera pakati pa zala zawo.

"Zaka zonsezi, angagwirenso ntchito ameneyo?" anafunsa mlendo.

"Kachipi sikafuna batire," ndinayankha ine. "Ngati galimoto ikumukumbukira, ilira."

Achemwali anakhala pampando wa dalaivala n'kulowetsa kiyi. Kanyali kofiira ka padeshibodi kanaphethira, kanaphethiranso. Kenako kanazima, injini n'kulira.

Mlonda anakanda m'mutu, nabwerera tsidya lake akung'ung'udza. Ine ndinatsamira chitseko.

"Unati miyezi yowerengeka," anatero achemwali, maso ali pachiwongolero. "Unati ndikusungire kiyiyu mpaka ntchito yako ithe."

"Ntchito inatha, ndalama sizinaoneke. Manyazi anandigwira."

"Manyazi alibe foni?"

Madzi a jekete la mlendo uja ankadonthera pansapato.

"Ndimukopere kiyi wina kuchokera kwa ameneyu?" ndinafunsa. "Sitifufutanso kanthu tsopano."

"Ayi." Achemwali anazimitsa injini, nazula kiyi n'kumuponya m'thumba la epuloni yawo. "Ayambe wabweretsa chitupa ngati wina aliyense. Akafuna kiyi, azichita kudzapempha."

Mlendo uja anamwetulira koyamba, misozi ikulengeza.

"Achemwali," ndinanong'oneza, "kodi ndi ndani ameneyu?"

Anatola katoni yawo n'kundisenzetsa. Milomo yawo inkanjenjemera, sindinadziwe ngati ndi mkwiyo kapena kuseka.

"Wamva dzina lake kangati, iwe? Ndi Wochedwa."